Kodi Lottie Mwale Ayenera Dzina la Ngwazi?

Mwezi wa October ukafika m'boma la Mambwe, dzuwa limakhala loswa mtengo. Thonje lagulitsidwa, mapira ali m'nkhokwe, ndipo mvula yoyamba ikali kutali. Ndiyo nyengo imene amuna amasonkhana pansi pa mitengo ya msikizi ndi mango ku Jumbe, ku Masumba ndi ku Mfuwe, kuyembekeza kuti kunja kuzizireko, namakamba nkhani zimene zilibe malo pa nthawi ya khasu. Pakati pa nkhanizo pali imodzi imene siikalamba. Ndiyo ya malemu Lottie Mwale, wankhonya amene dziko lonse linkamudziwa ndi dzina lakuti Gunduzani, amene anamwalira mu Lusaka m'mwezi womwewu wa October, caka ca 2005.

Madoda amene anali anyamata m'zaka za m'ma 1970 amanenetsa kuti Zambia sinabalepo wankhonya wina wonga iye. Akamachula dzina lake nkhope zao zimawala, ndipo ena amaimirira kuti aonetse mmene ankaponyera dzanja. Acinyamata amene amaonera nkhonya za ku America m'tinyumba ta mavidiyo, ndi kufufuza mbiri ya munthu pa foni, samatsutsa mwamwano. Iwo amangofunsa funso limodzi, nalibwereza: ngati munthuyo anali ngwazi, lamba wa dziko lonse lapansi anamusiya kuti? Pamenepo akulu amakhala cete pang'ono, cifukwa lamba ameneyo Mwale sanamuvalepo.

Mkangano umenewu si wongotayira nthawi. Dzina la ngwazi likamapatsidwa kwa yense amene anachuka, limapepuka ngati mankhusu. Likamanidwa kwa munthu amene analigwirira nchito, ana amaphunzira kuti khama lopanda lamba ndi lacabe. Tsono m'mabwalo a mafumu a Akunda, kaya ndi kwa a Nsefu, kwa a Jumbe, kwa a Kakumbi, kwa a Mnkhanya, kwa a Malama kapena kwa a Msoro, mlandu sauweruza atamva mbali imodzi. Wa Mwale nao uyenera kumvedwa motero.

Mmene nkhonya zimayendera

Poyamba nkofunika kumvetsa malamulo a masewerawa, pakuti ambiri okangana amasakaniza zinthu zosiyana. Nkhonya zili mitundu iwiri. Pali zosalipidwa, zimene anyamata amamenyera mendulo ndi mbendera ya dziko lao pa masewera onga a Olimpiki ndi a Commonwealth. Palinso zamalipiro, zimene munthu amamenyera ndalama ndi lamba. Mwale anayenda m'njira zonse ziwiri.

Ankhonya amawagawa monga mwa kulemera kwao, kuti tonde asakumane ndi nkhunzi. Pa nkhonya zamalipiro Mwale anali m'gulu la light heavyweight, la amuna osapitirira mapaundi 175, ndiko kuti makilogalamu 79 ndi pang'ono, kulemera koposa pang'ono thumba limodzi ndi theka la cimanga. Raundi imodzi imatenga mphindi 3, ndipo pakati pake pamakhala mphindi imodzi yopuma. Munthu akagwa, woimbira amawerenga mpaka 10, ndipo akapanda kudzuka, nkhonya yathera pomwepo. Onse awiri akafika kumapeto ali ciimire, oweruza amawerenga mapointi. M'masiku a mphamvu za Mwale nkhonya zolimbirana lamba wa dziko lonse zinali za maraundi 15. Anayamba kuzicepetsa kukhala 12 pambuyo pa imfa ya Duk Koo Kim wa ku South Korea, amene anamwalira mu 1982 atavulala m'mutu pomenyana ndi Ray Mancini.

Malamba nao ali ndi makwerero. Pali wa dziko limodzi, wa Africa, wa maiko a Commonwealth, ndipo pamwamba pa onse pali wa dziko lonse lapansi. Mu 1980 mabungwe opereka lamba wapamwambayo anali awiri okha, WBC ndi WBA. Bungwe la IBF linabwera mu 1983, ndipo la WBO mu 1988. Motero wankhonya wa lero ali ndi makomo anai olowera m'nyumba imene Mwale, pa unyamata wake, anali ndi makomo awiri. Mfundo imeneyi iyenera kusungidwa, cifukwa idzafunika pa cigamulo.

Umboni wa omuikira kumbuyo

Dzina la Mwale linamveka patali kumayambiriro kwa caka ca 1974, pa masewera a Commonwealth mu mzinda wa Christchurch ku New Zealand. M'gulu la makilogalamu 71 anagonjetsa onse amene anakumana nao, ndipo pa nkhonya yomaliza anapambana Alex Harrison wa ku Scotland. Mendulo ya golide imeneyo inali yoyamba kwa Zambia pa masewerawo cilandirire ufulu mu 1964. Dziko linali ndi zaka zosakwana 10, ndipo nyimbo yake ya fuko inaimbidwa kutsidya kwa nyanja cifukwa ca manja a mnyamata mmodzi.

Mwai woyesa mphamvu zake pa masewera a Olimpiki a mu 1976 ku Montreal unatayika pa zifukwa zosakhudza nkhonya. Caka cimeneco timu ya ragibi ya New Zealand inapita kukasewera ku South Africa, dziko la tsankho, pa nthawi yomwe apolisi anali kuombera ana a sukulu ku Soweto. Maiko a mu Africa oposa 20, Zambia ili pomwepo, anakana kusewera pamodzi ndi New Zealand, nabweza anthu ao. Palibe angadziwe cimene Mwale akanacita ku Montreal. Codziwika ncakuti khomo linatsekedwa iye ali pa msinkhu woyenera, ndipo mtengo wa kuima ndi abale a kummwera unalipiridwa ndi anyamata onga iye.

Mu 1977 analowa nkhonya zamalipiro. Patangopita caka cimodzi, m'mwezi wa June 1978, anakumana ndi Marvin Johnson wa ku America mu mzinda wa Belgrade, ku dziko limene panthawiyo linali Yugoslavia. Johnson sanali munthu wamba. Anali ndi mendulo ya Olimpiki ya mu 1972, ndipo anali wamanzere woopedwa. Mwale anamupambana pa mapointi m'maraundi 8. Miyezi 6 pambuyo pake, mu December 1978, Johnson yemweyo anagonjetsa Mate Parlov natenga lamba wa WBC. Anadzavalanso lamba wa WBA mu 1979 ndi mu 1986, ndiko kuti anakhala mfumu ya gululo katatu. Omuikira kumbuyo Mwale amati uwu ndiwo umboni wao waukulu: munthu amene dziko lapansi linamuveka lamba katatu anakanika mwana wa ku Zambia.

M'mwezi wa March 1979, pamaso pa anthu a kwao mu Lusaka, Mwale anagonjetsa Gary Summerhays wa ku Canada natenga lamba wa Commonwealth. Lamba ameneyo anakhala naye zaka 6, ndipo anavalanso wa Africa. Pomuteteza anakumana kawiri ndi mnzake wa ku Zambia, Chisanda Mutti, ndipo kawiri konse anapambana. Mutti sanali wofewa. Mu 1985 ku Monaco, polimbirana lamba wa IBF ndi Lee Roy Murphy, onse awiri anagwetsana nthawi imodzi m'raundi ya 12, ndipo Murphy anapambana cifukwa anadzuka woimbira asanamalize kuwerenga. Munthu wotere ndi amene Mwale anamuletsa kukhala woyamba kwao.

Potsiriza, mu December 1990, ali ndi zaka 38, msinkhu umene ankhonya ambiri amakhala ataleka kale, Mwale anagonjetsa Ray Acquaye wa ku Ghana mu Lusaka natenga lamba wa WBC International.

Umboni wa otsutsa

Mbali inayo nayo ili ndi mfundo zolemera, ndipo kuzibisa kungakhale kunamiza acinyamata. Pa 28 November 1980, mu mzinda wa San Diego ku America, Mwale analowa m'zingwe kukalimbirana lamba wa WBC ndi Matthew Saad Muhammad. Kufikira tsiku limenelo anali asanagonjepo pa nkhonya zamalipiro. Anayamba bwino, koma m'raundi ya 4 anagwetsedwa ndipo sanathe kupitiriza. Nkhaniyo itamveka pa wailesi, kucokera ku Migodi mpaka ku cigwa ca Luangwa kunali ngati kwagwa maliro.

Mu 1982 anakumana ndi Eddie Mustafa Muhammad, amene anali atakhalapo ndi lamba wa WBA. Nkhonya imeneyo ikanamutsegulira njira yobwerera pamwamba, koma inatheranso m'raundi ya 4. Mu 1985 anataya lamba wa Commonwealth kwa Leslie Stewart ku Port of Spain, m'dziko la Trinidad ndi Tobago. Mu April 1992 anapita ku Bismarck ku America kukamenyana ndi Virgil Hill, ndipo kacitatu raundi ya 4 inamukana.

Otsutsa amati kugwa kamodzi lingakhale tsoka, koma kugwa katatu pa malo amodzi pamaso pa anthu a msinkhu umodzi ndi muyeso. Amati pamenepo ndi pomwe mphamvu za Mwale zinalekezera: anali wamkulu kwa a mu Africa ndi a Commonwealth, koma wocepa kwa eni ake a pamwamba. Amakumbutsanso kuti lamba wa WBC International, ngakhale dzina lake limveka lalikulu, si lamba wa dziko lonse. Ndi lamba wa pa khwerero la m'munsi, wokonzera munthu njira yopita kwa mwini wake weniweni.

Amachulanso Azumah Nelson wa ku Ghana. Iyenso anagonja pa ulendo wake woyamba, mu July 1982, pamene Salvador Sánchez wa ku Mexico anamuimitsa m'raundi ya 15. Koma Nelson anabwerera, ndipo mu December 1984 anagwetsa Wilfredo Gómez kwao ku Puerto Rico natenga lamba wa WBC. Asanabwere Nelson, Hogan Bassey wa ku Nigeria anali atatenga lamba wa dziko lonse mu 1957, ndipo Dick Tiger, wa ku Nigeria komweko, anatenga wa gulu lomweli la Mwale mu 1966. Motero sizinganenedwe kuti mwana wa mu Africa analibe njira. Ngakhale kuno kwathu, Catherine Phiri anapita ku Mexico mu January 2016, nagonjetsa Yazmin Rivas, nabwera ndi lamba weniweni wa WBC. Keith Mwila anabweretsa mendulo yoyamba ya Olimpiki ya Zambia kucokera ku Los Angeles mu 1984. Zinthu ziwirizi Mwale analibe. Nanga, amafunsa otsutsa, dzina la ngwazi ligwere iye bwanji?

Sikelo yoyenera

Mlimi wa thonje ku Msoro amadziwa kuti pa msika samayang'ana kukula kwa thumba kokha. Amaliika pa sikelo, ndipo amalitsegula kuti aone kuyera kwa thonje. Wankhonya naye ali ndi miyeso ingapo, ndipo lamba ndi umodzi cabe mwa iyo.

Muyeso woyamba ndi wa anthu amene anakumana nao. Kale, m'cigwa muno, mlenje sankachuka ndi kuculuka kwa akalulu amene anapha. Ankachuka ndi nyama imene analimba mtima kuima patsogolo pake, ndipo wovulazidwa ndi njati ankalemekezedwa kuposa wobwera ndi nkhanga tsiku ndi tsiku. Amene anagonjetsa Mwale anali njati zokhazokha. Saad Muhammad anatenga lamba wa WBC mu April 1979 kwa Marvin Johnson, nateteza lambayo ka 8, ndipo ankadziwika ndi kupirira nkhonya zoopsa kenaka nkugwetsa mnzake mosayembekezeka. Mu 1998 dzina lake linalembedwa m'nyumba ya ulemu ya ankhonya a dziko lonse ku Canastota ku America, ndipo la Virgil Hill linalembedwa momwemo mu 2013. Leslie Stewart anadzatenga lamba wa WBA mu 1987. Akatswiri a mbiri ya nkhonya amawerengera zaka za kumapeto kwa m'ma 1970 ndi kuciyambi kwa m'ma 1980 kukhala nyengo yoopsa kwambiri ya gulu limeneli, pakuti munali Johnson, Saad Muhammad, Mustafa Muhammad, Michael Spinks ndi Dwight Braxton nthawi imodzi. Mwale anabadwira pakati pa anthu amenewa, makomo ali awiri okha, ndipo mmodzi wa iwo anamugonjetsa. Kunena za Hill, tsiku limene anamenyana iye anali ndi zaka 28 pamene Mwale anali pafupi kukwanitsa 40. Nkhonya imeneyo ikusonyeza ukalamba koposa kusowa luso.

Muyeso waciwiri ndi wa nthawi. Ng'oma yolira sikhalira kusweka, ndipo ankhonya ambiri amawala caka cimodzi kapena ziwiri nazimirira. Kucokera pa golide wa ku Christchurch mu 1974 kufikira lamba wa mu 1990 pali zaka 16. Mwana wobadwa caka ca mendulo ija anali atafika ku sekondale pamene Mwale anali akali kupambana mu Lusaka. Mwai ungathe kupatsa munthu usiku umodzi wabwino, koma sungamusunge pamwamba zaka zonsezo. Pamafunika kudzuka mbandakuca kuthamanga, kudziletsa pa cakudya kuti sikelo isamukane, ndi kubwerera ku maphunziro pambuyo pa kugonja kumene kukanalefula wina.

Muyeso wacitatu ndi wa kumene munthu anacokera. Mphamvu za ng'ona zili kumcira, ndipo mcira wa wankhonya ndiwo aphunzitsi, anzake ophunzira nao, madokotala ndi okonza nkhonya okhala ndi ndalama. Wankhonya wa ku Philadelphia ankapeza anzake a msinkhu wake mu msewu womwewo, ndipo mikangano yaikulu inkacitikira kwao, pamaso pa anthu ake. Wa ku Lusaka ankayenera kuoloka nyanja, kulowa m'nyengo ina ndi cakudya cina, kukamenyana m'bwalo la eni ake. Ici sicisandutsa kugonja kukhala kupambana. Koma woweruza wacilungamo amafunsa kutalika kwa ulendo umene munthu anayenda, osati malo okha pamene anaima.

Muyeso wacinai ndi wa cimene anapatsa anthu ake. Zaka za kuchuka kwa Mwale zinali zowawa m'dziko muno. Malire ndi Rhodesia anatsekedwa mu January 1973. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo mizere ya ufa, sopo ndi mafuta ophikira inayamba kutalika m'masitolo. Mu 1978 ndi 1979 asilikali a Rhodesia anali kuponya mabomba m'kati mwa Zambia ndi kugwetsa milato, cifukwa dziko lino linasunga omenyera ufulu a Zimbabwe. M'nyengo yotereyi anthu anaona mmodzi wa iwo akuima m'zingwe ndi azungu a ku Canada ndi ankhonya a ku America, nawagonjetsa. M'midzi ya kuno, kumene nyuzipepala inkafika itagona masiku pa njira ya ku Chipata, anthu ankazungulira wailesi imodzi ya mabatire kuti amve za iye. Dzina la Mwale ndi la kum'mawa kuno, ndipo anthu ankalimva ngati la mwana wa mlongo wao. Anyamata oweta mbuzi ankakulunga nsanza m'manja namalimbirana kuti Gunduzani akhale ndani. Zimenezi sizilembedwa m'buku la mapointi, koma dziko limene linazilandira silingakane kuti zinali za mtengo.

Kodi lamba ndiye zonse?

Funso la acinyamata lija liyenera yankho lolunjika. Ngati lamba wa dziko lonse ndiye muyeso wokha, ndiye kuti Sam Langford sanali kanthu. Langford anabadwira ku Canada, namenya nkhonya kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Anagonjetsa anthu a magulu osiyanasiyana, ena omuposa kulemera kwambiri, koma eni malamba ankamuzemba. Ngakhale Jack Johnson, munthu wakuda woyamba kukhala ndi lamba wa olemera kwambiri, sanafune kumenyana naye kaciwiri atatenga lambayo. Langford anamwalira mu 1956 ali wakhungu, wopanda lamba wa dziko lonse, koma kufikira lero odziwa nkhonya amamuika pakati pa akulu a nthawi zonse. Kumbali ina, ciculukire mabungwe, pakhala anthu ambiri amene anavala lamba miyezi yocepa ndipo palibe amawakumbukira.

Kugonja nako sikucotsa munthu pa mndandanda wa ngwazi. Muhammad Ali, amene anagwetsa George Foreman ku Kinshasa pa 30 October 1974, anagonja ka 5 pa moyo wake. Koma apa cilungamo cifuna kuti mau aonjezedwe. Ali anabwezera ena mwa amene anamugonjetsa, ndipo Langford sanapatsidwe mpata pamene Mwale anapatsidwa. Motero zitsanzo zimenezi zikungoonetsa kuti lamba si muyeso wokha. Sizikuika Mwale pa mpando umodzi ndi anthu awiriwa.

Mtengo umene thupi linalipira

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene okangana pansi pa mtengo amaidumpha, cifukwa siikoma kukamba. Mwale anapitiriza nkhonya mpaka m'zaka za m'ma 1990, thupi litayamba kale kutopa. Zaka zake zomaliza zinali za matenda a Parkinson, amene amanjenjemeretsa manja, kuumitsa thupi ndi kulemeretsa lilime. Muhammad Ali anadwala matenda omwewo kufikira imfa yake mu 2016. Matendawa amagwiranso anthu amene sanamenyepo nkhonya, koma madokotala amacenjeza kuti kumenyedwa m'mutu kwa zaka zambiri kumaononga ubongo, ndipo kuonongekako kumaonekera mocedwa, m'manja mwa anthu mutasiya kale kuomba.

Amene anamugonjetsa ku San Diego naye sanathere pabwino. Saad Muhammad, amene anatayidwa mu msewu ali mwana wamng'ono, anapeza cuma cambiri ndi nkhonya, koma cinatha conse. Mu 2010 anali kugona m'nyumba ya anthu osowa pokhala ku Philadelphia, ndipo anamwalira mu 2014. Wopambana ndi wogonja wa usiku uja onse anamaliza ulendo wao m'mavuto.

Otsutsa amati kusadziwa nthawi yolekera ndi banga pa mbiri ya munthu. Pali coona pamenepo. Koma wankhonya alibe penshoni, ndipo munda wake ndi manja ake. Mlimi amene njovu zamudyera cimanga ku Kakumbi amabwerera m'munda momwemo caka camawa, osati cifukwa sadziwa njovu, koma cifukwa alibe munda wina. Cotero funso la kucedwa kuleka siligwera wankhonya yekha. Ligweranso amene ankadzaza bwalo pa tsiku la cikondwerero, ndi amene amayendetsa masewera m'dziko. Makolo a kuno amene ana ao akufuna kulowa nkhonya ayenera kudziwa mbali zonse ziwiri: kuti masewerawa angathe kukweza mwana wa wosauka, ndi kuti mwanayo ayenera kumaliza sukulu, kupimidwa ndi dokotala, kuphunzira pansi pa mphunzitsi wodziwa, ndi kukhala ndi nchito ina yoti adzaitsamire manja akadzalema.

Cigamulo

Mbali zonse zamveka, ndipo iliyonse ili ndi gawo lake. Acinyamata akunena zoona kuti Lottie Mwale sanakhale mfumu ya dziko lonse lapansi, ndi kuti pamene anakumana ndi eni ake a pamwamba pa tsiku lofunika, anagwa. Amene amamuika pamodzi ndi Muhammad Ali kapena Azumah Nelson akulankhula ndi cikondi, osati ndi sikelo, ndipo cikondi cotere cimapatsa ana cifukwa cokayikira zonse zimene akulu amanena.

Madoda nao akunena zoona, ndipo coona cao ncolemera koposa. Munthu amene anapatsa dziko lake golide woyamba wa Commonwealth, amene anagonjetsa Marvin Johnson ali ndi caka cimodzi cokha m'nkhonya zamalipiro, amene anasunga lamba wa Commonwealth zaka 6, amene anafika pa khomo la lamba wa dziko lonse m'nyengo yoopsa kwambiri ya gulu lake ali wosagonjapo, ndipo sanazembe aliyense mwa oopedwa a nthawi yake, sangakhale wankhonya wamba amene anangocita mwai. Katswiri ndi munthu wodziwa nchito yake. Ngwazi ndi amene anaima pa malo oopsa m'malo mwa anthu ake, ndipo anthuwo anaona kutalika kwao mwa iye. Pa muyeso umenewu Mwale ndi ngwazi ya Zambia, ndipo ali pa mzere wa akulu a nkhonya mu Africa.

Catherine Phiri ndi Keith Mwila anafika pamene iye sanafike, ndipo ulemu wao suyenera kucepetsedwa. Esther Phiri anatsegulira akazi njira m'masewera amene kale ankati ndi a amuna okha, ndipo Kennedy Kanyanta anabweretsanso golide wa Commonwealth kucokera ku Manchester mu 2002. Koma onsewa anayenda m'njira imene inali italambulidwa, m'dziko limene linali litaona kale ndi maso kuti mwana wake angathe kuima ndi wina aliyense. M'mudzi simukhala ngwazi imodzi yokha, ndipo kuchula wotsatira sikufafaniza woyamba.

Mvula ikagwa mu November, mtsinje wa Lupande udzayamba kudzaza, amuna adzabwerera ku makasu, ndipo nkhani ya Gunduzani idzagona mpaka caka camawa. Ikadzadzukanso, akulu adzacita bwino kuisimba yonse, ya ku Christchurch ndi ku Belgrade pamodzi ndi ya ku San Diego, pakuti mbiri ya munthu ameneyu siifuna kuonjezera kanthu kuti iime.